Makina Opanda Mboni

Ntchito yanga zaka zimenezo inali yovuta kuifotokozera abale, moti ambiri ankangoti ndimagwira za makompyuta, ine n'kuvomera kuti nkhani ithe. Zoona zake zinali izi. Kabungwe kena kofufuza za chuma ku Lilongwe kanali ndi pulogalamu ya pakompyuta yophunzira yokha. Ankaidyetsa manambala a zaka zambirimbiri: mitengo ya chimanga, usipa, shuga ndi feteleza m'misika ya m'dziko muno, mphamvu ya kwacha, ndalama zakunja, mafuta olowa m'dziko, mvula ya chaka ndi chaka. Iyo inkaona mmene zinthu zinkakhalira nthawi iliyonse chuma chisanagwedezeke, ndipo ikaonanso zofanana nazo inkachenjeza. Tonse tinkangoitcha makina. Zinthu zikakhala bwino makinawo ankaonetsa mtundu wobiriwira, zikayamba kukayikitsa wachikasu, zikaipa wofiira.

Vuto linali lakuti sankanena chifukwa. Amene anawapanga anali atapita kusukulu kunja, ndipo ngakhale akanakhalapo sakanayankha, pakuti makina amtunduwu amadzipezera okha njira m'kati mwa manambala, njira zimene wowapanga sanalembe. Abwana anga anali atachita nawo kale manyazi pamsonkhano wina. Anaimirira n'kunena kuti makina akuti kutsogoloku sikuli bwino, bambo wina wa tayi anafunsa kuti chifukwa chiyani, iwo n'kuyamba kumwa madzi. Atabwerako ndi pamene anandilemba ntchito. "Muwang'ambe pamimba," anandiuza, "tione chimene amadya."

Ndinkagwirira ntchitoyo ku Chintheche. Lendi ya ku Lilongwe inali itandikwana, banja langa linali litatha mopanda phokoso, ndipo laputopu sifunsa kuti uli kuti bola pakhale magetsi ndi netiweki. Ndinapeza chipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa ku Dedza amene ankaphika pa loji ina. Magetsi akazima ndinkanyamula laputopu n'kukakhala pa benchi kuseri kwa khitchini ya lojiyo, pafupi ndi jenereta, m'fungo la anyezi ndi dizilo. Mayiyo ankandiseka kuti ndine mlendo yekhayo wa pa loji amene amabwera kudzafulatira nyanja. Sankanama, koma ine ndinabadwira m'mbali mwa madzi amenewo, ndipo munthu suyenda ulendo kukaona khonde la kwanu.

Nthawi imeneyo mtima wanga unali utauma. Sindinkadandaula, sindinkasangalala. Ndinkadya chifukwa nthawi yakwana, kugona chifukwa kwada. Kaya linali banja lija, kaya ndi mmene munthu amakhalira akamayang'ana mitengo ya chimanga tsiku ndi tsiku mpaka njala ya anthu kusanduka mzere wokwera pa kompyuta, sindidziwa. Ntchito yokha ndiyo inkayenda bwino, chifukwa sinkafuna mtima.

Kwathu kwenikweni ndi kumpoto kwa Usisya, njira ya ku Ruarwe, kumene phiri limatsika mpaka m'madzi ndipo msewu wake ndi boti. Kumeneko kunali mayi anga ndi achimwene anga aakulu, msodzi wa boti la injini komanso mkulu wa mpingo. Chimwalirireni bambo athu ndimawaitana kuti ada, kutanthauza bambo m'chilankhulo cha kwathu, ndipo iwo amavomera ngati anabadwa nalo dzinalo. Mayi timati ama. Ama anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo adokotala anawauza kuti piritsi limodzi m'mawa uliwonse, moyo wawo wonse, osadumphitsa. Kachipatala ka kwathu kankapereka mankhwalawo akakhalapo. Ine sindinkadalira zimenezo. Ndinkagula okwanira miyezi ingapo ku famase ku Mzuzu n'kutumiza pa boti pamodzi ndi sopo ndi masamba a tiyi, ndipo ndinkadziona ngati mwana wosamala kwambiri.

Ama akafuna kundimva ankakwera pa kachitunda pamene netiweki imagwira, n'kuliza foni yanga kamodzi, ine n'kuimba. Tinkalankhula Chitonga, ngakhale pano ndikulemba m'Chichewa.

"Mwe uli, ama?"

"Nde umampha, mwana wangu."

"Mankhwala alipo?"

"Alipo. Iwe ukudya? Ndamva kuti wawonda ngati nsungwi."

Kenako nkhani inkapita kwa amene wamwalira, amene wabereka, ndi nyani amene akuzula chinangwa.

Itangodutsa Pasaka makina anachoka pa wobiriwira n'kupita pa wachikasu. Mwera utayamba kuwomba anafiira. Kunja kunalibe chachilendo. Maminibasi a ku Nkhata Bay ankalimbirana anthu monga kale, pothirira mafuta panalibe mzere, a ku Limphasa ankadutsa ndi matumba a mpunga pa njinga, alendo a pa loji ankadya nsomba n'kusiya mitu. Koma ine ndinali nditaona m'manambala akale zimene zimatsata kufiira kotere. Amayamba kusowa mafuta, kenako mankhwala, kenako chilichonse chimene chimayenda pa matayala kapena pa injini. Ndinkadziwa kuti zikafika, kwathu kudzatsekeka, ndipo wodwala sadzakhala ndi potulukira.

Ndinayamba ndauza ama kuti abwere adzakhale nane. Anaseka n'kuti ndikambirane ndi achimwene anga, iwo sangonyamuka ngati mtsikana wothawa ndi mwamuna. Ada ndinawapeza pa foni nditayesa masiku angapo.

"Ada, ndikufuna ama abwere kuno akhale miyezi ingapo, pafupi ndi msewu ndi chipatala."

"Wamva kuti akudwala?"

"Ayi. Koma kukubwera vuto la mafuta. Maboti akasiya kuyenda mudzawatulutsa bwanji?"

"Wanena ndani?"

"Makina a kuntchito kwathu."

Ndinkamva mphepo ikulowa m'foni mwawo.

"Makinawo aona chiyani?"

"Sanena, ada. Amangochenjeza."

"Mzichi wangu," anatero, mmene kwathu amaitanira mlongo wamng'ono, ndi mawu aja amene amalengezera za maliro m'tchalitchi, "ife pa bwalo la akulu a mpingo munthu akabwera ndi nkhani timamufunsa kuti waona chiyani, unali ndi ndani. Akati ndangomva mumtima, timamupempherera n'kumuperekeza. Za aneneri ongoloza chala tinazikana kalekale, agogo athu asanaphunzire n'kuvala nsapato komwe. Iwe zaka zonsezi kusukulu, n'kukatitengera mneneri wa magetsi?"

Ndinafuna kupsa mtima, koma mkwiyo sunabwere. Chowawa chinali chakuti funso lawo linali lomwe lija la bambo wa tayi, ndipo onse awiri sankalakwa.

"Chinangwa chawo achiviika, chili m'madzi," anapitiriza. "Iwe uli m'chipinda chimodzi cha lendi. Anthu adzati mwana wamwamuna walephera kusunga mayi ake. Chakudza sichiimba ng'oma, mzichi, koma iwe ukuti chako chaimba. Bwera ndi zifukwa, tikhale pansi."

Choncho ndinali ndi mabwana awiri ofuna chinthu chimodzi. Ndikanatha kungokwera boti n'kukawatenga ama, koma kwathu mwana wamkazi safika n'kunyamula mayi pamaso pa mlongo wake wamkulu ngati thumba la ufa. Ndinaganiza kuti njira yachidule ndiyo kumaliza ntchito.

Kufunsa makina otere chifukwa chake ndi ntchito yotopetsa. Umatenga chinthu chimodzi mwa zimene amadya, tinene mtengo wa feteleza, n'kusokoneza manambala ake dala kuti asatanthauzenso kanthu, kenako n'kuwafunsanso makinawo. Chenjezo likatsika, ndiye kuti ankatsamira pa chinthucho. Likapanda kusuntha, upite pa china. Ukatha chimodzichimodzi umayambanso ziwiriziwiri, chifukwa zina zimagwira ntchito zikakumana. Tsiku lina mayi wophika uja anandifunsa chimene ndinkachita maso ali tong'o, ndipo ndinamuuza kuti zili ngati ndiwo zikawawa, n'kumaphikanso uku ukuchotsa chothira chimodzi nthawi iliyonse mpaka upeze chowawitsacho.

"Ndiye achemwali, ndiwo zakezo mudzadya liti?" anandifunsa, n'kubwerera ku anyezi wake.

Ndinayamba ndi zimene aliyense akanayamba nazo. Ndinasokoneza za ndalama zakunja, kufiira kunatsika pang'ono. Za kwacha, pang'ononso. Za chimanga, za feteleza, za mvula, chimodzimodzi. Ndikaphatikiza zonse pamodzi sizinkakwana kufotokoza kufiira konse kuja. Panali china chachikulu chimene makina ankatsamirapo, ndipo sichinali pa zinthu zimene tinaphunzira m'kalasi. Laputopu inkatentha mpaka ndinkaiika pa mbale ya chitsulo yovundikira. Funso limodzi linkatenga m'mawa wonse, magetsi n'kuzima lili pakati, ine n'kuyambiranso popanda ngakhale kutukwana. Abwana ankaimba kufunsa kuti tili pati, ine n'kumati tikuyandikira, mmene kondakitala amanenera kuti tikunyamuka pompano.

Pamene ndinkachita zimenezi, zinthu zinayamba kuoneka ndi maso. Pothirira mafuta panabadwa mzere, poyamba wa magalimoto, kenako wa zigubu, kenako wa miyala yosungira malo. Pa loji anachepetsa nthawi ya jenereta, ndipo mayi wophika anauzidwa kuti azibwera masiku ena okha. Foni ya ama inasiya kulira. Ndikaimba, mawu a mkazi wa m'foni uja ankandiuza kuti nambalayi siikupezeka. Ya ada chimodzimodzi. Ndinati ndi mwera, mwina wagwedeza nsanja ya netiweki monga umachitira. Ndinadziuzanso kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, kukanakhala vuto akanapeza njira yondiuzira.

Chimene ndinkafuna ndinachipeza m'mawa wina, nditasowa china choyesa. M'manambala a mitengo ya m'misika munali mabokosi opanda kanthu. Msika uliwonse uli ndi munthu amene amayendera mitengo n'kutumiza kulikulu, ndipo mwezi umene sanatumize, bokosi la msikawo limatsala lopanda nambala. Kusukulu anatiphunzitsa kuti mabokosi otere ndi litsiro, umawadzaza ndi nambala yoyerekeza n'kupitirira. Wopanga makina uja sanawadzaze. Anangowaika kachizindikiro kosonyeza kuti apa sipanabwere kanthu, ndipo ine miyezi yonseyi ndinkawadumpha ndi maso.

Ndinatenga mabokosi opanda kanthu a chaka chimenecho n'kuwadzaza ndi mitengo ya misika yoyandikana nayo. Makina anachoka pa wofiira n'kubwerera pa wachikasu wofuna kubiriwira. Ndinawakhuthulanso, anafiira. Ndinabwereza mpaka ndinatopa, yankho silinasinthe.

Kenako ndinayang'ana kuti ndi misika iti. Inali ya kuzilumba, ya kuseri kwa mapiri, ya m'mbali mwa nyanja kumene kumafika boti lokha. Ndinabwerera m'zaka zakale, ndipo nthawi iliyonse zinali choncho: miyezi ingapo mizere isanaoneke m'tauni, misika imeneyi inkayamba kukhala chete, umodzi, kenako ina, kenako yambiri. Chifukwa chake sichinali chovuta. Mafuta akayamba kuchepa kumene amachokera, oyamba kupatsidwa ndi a m'tauni. Akumalo akutali amadalira a m'zigubu, ndipo amenewo ndiwo amayamba kukwera ndi kusowa. Woyendera mitengo sapeza petulo wa njinga yamoto, boti limasiya kubwera, nsanja ya netiweki yoyendera dizilo imazima. Sikuti makina ankaona zam'tsogolo. Ankangozindikira kuti vuto lafika kale kwa anthu ena, anthu okhala kutali kwambiri moti kufuula kwawo sikumveka. Msika wa kufupi ndi kwathu unali wopanda nambala chiyambireni Pasaka.

Ndinalembera abwana. Anaimba nthawi yomweyo, mawu ali myaa ndi chimwemwe. Anati izi ndiye zomveka, ngakhale mwana wa pulayimale atha kuzitsata. Kenako anakhosomola.

"Komano, mayi, tikaimirira pamsonkhano n'kunena kuti umboni wathu waukulu ndi mabokosi opanda kanthu, atiseka. Mupeze dzina labwino la chinthu chimenechi."

Ndinati ndipeza. Ndinkalankhula nawo uku ndikuika zovala m'chikwama. Sindinkaopa.

Ndinagula mankhwala amene ndinawapeza, ndinagulanso chigubu cha petulo kwa anthu ogulitsa kuseri kwa mashopu, pa mtengo umene sindifuna kuukumbukira. Minibasi inandisiya ku Nkhata Bay, ndipo kumeneko ndinagona kwa mnzanga wa kusukulu podikira boti lopita kumpoto. Maboti anali ochepa, ndipo amene analipo ankadikira kuti anthu adzaze mpaka m'milomo. Titanyamuka, mwera unatimenya njira yonse. Mayi amene ndinakhala naye pafupi ankasanza m'jumbo n'kumapepesa. Ine ndinakumbatira chigubu changa n'kumakonza m'mutu mmene ndikafotokozere ada: choyamba ichi, chachiwiri ichi, mboni zake misika yakutiyakuti. Ndinakonza bwino kwambiri, mwina kuposa lipoti la abwana.

Chinthu choyamba chimene ndinaona pofika chinali boti la ada. Linali pamtunda, kutali ndi madzi, mkati muli masamba ouma a mango ndi nkhuku itakhalira mazira pakona. Injini anali ataichotsa. Boti silifika pamenepo m'sabata imodzi. Asodzi onse anali atabwerera ku mabwato opalasa, ngati masiku a agogo.

Alamu anga, akazi a ada, anandichingamira panjira n'kulandira chikwama. Ine sindinafunse za ama, chifukwa kwathu nkhani yoipa sanenera panjira. Pakhonde pa nyumba ya ama panali amayi a kumpingo ambiri, atakhala motambalala, m'kati mwa sabata, nthawi ya kumunda. Ananditandikira mphasa. Anandipatsa moni mmodzimmodzi, aliyense kugwada n'kufunsa kuti mwayenda uli, kumene mwachoka kuli uli, ine n'kumayankha kuti umampha, yewu, umampha, yewu. Anandipatsa madzi ndipo ndinamwa. Ndinakhala pamphasapo mpaka moni wotsiriza, chitseko cha ama chili pomwepo, ndipo sindinadzuke kukachikankha. Atatha onse ndi pamene ada anatuluka m'nyumbamo n'kunena kuti ndilowe.

Ama anali chigonere pa matiresi. Pakamwa panali patakokedwera mbali imodzi, ndipo dzanja lamanja linali pambali pawo ngati la munthu wina amene waliiwala pamenepo. Maso anandizindikira. Anayesa kulankhula, koma chinatuluka ndi kamawu kamodzi kokokeka, kopanda mutu. Ndinagwada n'kunena kuti ndabwera, ama. Ndinadikira kuti misozi ibwere chifukwa amayi aja ankamvetsera pakhonde, koma sinabwere.

Ada anandifotokozera panja. Ama anagwa masiku angapo m'mbuyomo, akuvuula chinangwa pamene amaviika. Wothandiza wa pa kachipatala anabwera, anati ndi sitiroko, pano palibe chimene angachite, awatengere kuchipatala chachikulu. Ada anatuma anthu pa bwato kukafuna petulo ku Usisya, anabwerako chimanjamanja. Kuwagoneka m'bwato lopalasa pa mwera wotere kukanakhala kuwataya m'madzi. Foni sizinkagwira. Boti limene ndinabwera nalo linali loyamba kuima padoko pathu chigwereni ama, ndipo linkapitirira kumpoto.

Zifukwa zanga zija zinali m'mutu, zokonzedwa bwino, choyamba mpaka chotsiriza. Sindinanene ngakhale chimodzi. Ada sankayang'ana ine, ankayang'ana chigubu.

"Ndi petulo?"

"Ndi petulo."

"Wosasakaniza?"

"Anatero ogulitsawo."

Anatsegula, ananunkhiza, n'kupita kukatulutsa injini kuchipinda.

Tinanyamuka m'mamawa mphepo isanadzuke. Amuna anakokera boti m'madzi, nkhuku ija ikulalata, ndipo tinawagoneka ama pakati, pa matiresi awo omwewo, titawafunditsa pulasitiki. Ine ndinakhala kumutu n'kuika mutu wawo pamiyendo panga, alamu anga n'kukhala kumiyendo. Ada anali kumbuyo ndi injini, ndipo njira yonse sitinalankhulane, kupatula pamene anandiuza kuti ndisunthire kumanzere. Ndikukumbukira kuti ndinkayang'ana chala chachikulu cha kuphazi kwa ama chimene chinatulukira kunsi kwa pulasitiki, n'kumaganiza kuti chikhadabo chakula, ndikafika ndikapeze lezala. Petulo anatifikitsa, ndipo kuchokera padoko tinapeza galimoto.

Kuchipatala chachikulu anatipatsa bedi pafupi ndi zenera. Namwino amene anabwera kudzafunsa mbiri ya wodwala anali mtsikana wa kuchigawo chapakati, wa Chichewa chosalala, wotopa koma waulemu. Anafunsa zaka, anafunsa tsiku limene anagwa, kenako anafunsa za mankhwala a bipi.

"Amamwa tsiku lililonse," ndinayankha ine. "Ndimagula ndine, ndimatumiza okwanira."

Namwino anaweramira pa pepala lake.

"Pepani, anesi," anatero ada, m'Chichewa chawo cholemera chija cha ku msika wa nsomba. "Musalembe zimenezo."

Anali ataima kumiyendo kwa bedi, chipewa atachigwira ndi manja awiri. Sanayang'ane ine. Anayang'ana namwino n'kufotokoza mwadongosolo, ngati akupereka umboni pa bwalo lawo lija. Pa kachipatala ka kwathu mankhwala a bipi anatha Pasaka isanafike. Amayi awiri a kumpingo, odwala matenda omwewo, anatsala opanda kanthu. Phukusi langa litafika, ama anakhuthulira mapiritsi onse pa mbale n'kugawa milu itatu yofanana, mmene amagawira usipa. Anati sangameze okha anzawo akumva mutu kugunda. Mulu wawo utachepa anayamba kumwa masiku okwera chitunda okha, Lamlungu ndi tsiku la msonkhano wa amayi, poti ndiwo masiku amene mtima umagwira ntchito yambiri. Kenako anatheratu.

"Anatha liti?" anafunsa namwino.

"Mwera usanayambe."

"Inuyo munkadziwa?"

"Ndinkadziwa. Anandiletsa kunena. Anati mwanayu ali yekha, banja latha, akamva adzayamba kugulira mudzi wonse." Anatembenuza chipewa chija. "Mmodzi wa amayiwo ndi apongozi anga."

Namwino analemba n'kupita pa bedi lotsatira.

Ndiye kuti tsiku lija ndinkaimba foni kupempha kuti ama abwere, mapiritsi anali atatha kale, boti lili kale pamtunda, ndipo ada ankadziwa zonsezo pamene ankandifunsa kuti makina aona chiyani. Ndinaziyala zimenezi m'mutu mwanga mmene ndimayalira manambala, ndipo zinagwirizana bwinobwino. Ndinayembekeza kuti ndiwada achimwene anga, kapena ndiwamvera chisoni, chifukwa nkhope yawo inali itagwa ngati ya nkhalamba. Ndinafufuza mumtima, sindinapezemo kanthu. Ada anati akukafuna madzi otentha, anatuluka, ndipo anakhalitsa kunjako.

Foni yanga inali itadzaza mauthenga a abwana. Dzina anali atalipeza okha, la Chingerezi, lalitali ndi lolemekezeka, ndipo anati pamsonkhano anthu anagwedeza mitu, palibe amene anaseka. Tsopano makina akafiira pansi pake pamatuluka mzere wonena zinthu zimene zawafiiritsa, kuyambira chachikulu, ndipo aliyense atha kuwerenga. Ndinawayankha kuti zikomo. Ntchitoyo inali yabwino, mpaka lero ndimati inali yabwino.

Ama anatuluka m'chipatala patapita nthawi, n'kubwera kudzakhala nane m'chipinda chimodzi chija ku Chintheche, ndipo palibe amene ananena kuti mwana wamwamuna walephera. Mwendo unabwerera pang'ono. Mawu sanabwererenso.

Koma tsiku loyamba lija kuchipatala, masana, alamu anga atafika ndi phala m'kabotolo kosunga kutentha, namwino anati tiyese kuwamwetsa pang'onopang'ono tione ngati akumeza. Ndinawatsamiritsa pa pilo n'kuyamba ndi nsonga ya supuni. Lina linkalowa, lina linkatsika mbali yakufa ija, ine n'kumapukuta ndi nsonga ya chitenje. Pa bedi la pafupi panali mayi wina wokalamba wopanda womudikirira, amene ankatiyang'ana chiyambireni kutsegula botolo. Ama anamuona. Anatukula dzanja lawo lamoyo, lamanzere, n'kukankha kapu imene ndinagwira, kuilozetsa kwa mayiyo, uku akutulutsa kamawu kawo kaja. Anakankhanso kachiwiri, mwamphamvu, phala n'kutayikira pa bulangete.

Ndinagwira dzanjalo, ndinalibwezera pansi pa bulangete, ndinalipanikiza ndi bondo langa, n'kutunganso supuni ina.